Mlamu wanga waboola bimu yomwe ndinalimbitsa

Aphungu,

Sindine munthu wolembera anthu a m'nyuzipepala. Danga lanu ndimaliwerenga nthawi yopuma kuntchito, makamaka pofuna kuseka anthu olira ndi zibwenzi. Lero ena aseke ine.

Ntchito yanga ndi yolimbitsa nyumba za konkire zomwe zatopa, kapena zomwe eni ake akufuna kuzisenzetsa katundu woposa amene anazimangira. Ndili ndi kagulu kanga ka amisiri. Sitigwetsa kanthu, sitithira konkire wina. Timamata nsalu. Anthu akamva zimenezi amaseka, ndiye ndifotokoze pang'ono, chifukwa mukapanda kuimvetsa nsaluyi simumvetsanso vuto langa.

Bimu ndi mtanda wa konkire umene umadutsa kunsi kwa silabu, kunyamula chipinda cham'mwamba. Ikalemedwa imafuna kupindika pakati. Kumtunda kwake kumafinyika, kunsi kumakokeka. Konkire sadandaula akafinyidwa, koma akakokedwa amang'ambika ngati buledi wouma, n'chifukwa chake omanga amaika zitsulo m'kati, chakunsi kwa bimu. Zitsulozo zikachepa mphamvu timabwera ife ndi nsalu ya kaboni. Ndi yakuda, yopyapyala kuposa katoni, ulusi wake wonse umayenda mbali imodzi, ndipo ukaukoka m'litali ndi wolimba kuposa chitsulo. Timaimata kunsi kwa bimu ndi guluu wa epokisi kuchokera kumapeto kuno kufika kumapeto uko, kenako kumapetoko timakulungako malamba ena a nsalu yomweyo kuti isamatuke. Ikauma imagwira ntchito ngati chitsulo chowonjezera chokhala kunja. Mphamvu yake yonse ili mu ulusi wosaduka ndi guluu wosapsa. Zatha, maphunziro ndi omwewo.

Za uinjiniya ndinaphunzira ku yunivesite, ndinasiya m'chaka chachitatu. Chifukwa chake si nkhani ya kalata ino. Abale ali ndi nkhani zawo zitatu zosiyana, zonse zabodza. Mlongo wanga wamng'ono, amene ndinkamuphunzitsa masamu patebulo la kukhitchini iye akulira mamina ali chuchuchu, anamaliza maphunziro omwewo. Lero ali ndi chidindo, amasainira mapulani a nyumba. Pabanja pathu iye amatchedwa Injiniya, ine Wansalu. Mwamuna wake, mlamu wanga, ndi makaniko. Iye yekha ndiye amanditcha a Pulofesa, ndi ulemu wonse umene munthu amapereka kwa amene akumunyoza.

Bambo athu anatisiyira nyumba yosanja. Pamwamba pamakhala amayi, ndipo ali ndi chipinda chachikulu chomwe amalandiriramo alendo ndi kusokeramo. Pansi panali mashopu awiri. Chaka chatha banja linagwirizana zogwetsa khoma logawa mashopuwo kuti mlamu atsegulepo galaja. Khomalo linkathandiza kunyamula bimu yapakati, ngakhale palibe amene analilemba ntchitoyo. Ndinanena kuti likachoka bimuyo itsala yokha pa mtunda wautali. Anandimvera monga momwe munthu amamvera wailesi ya kwa aneba. Mlongo wanga atanena zomwezo sabata yotsatira, amayi anaomba m'manja n'kuti, "Mwamva inu? Sukulu ndi yabwino."

Mlongo wangayo anawerengera, n'kulamula mizere itatu ya nsalu kunsi kwa bimu ndi malamba kumapeto onse awiri. Ntchito ya manja inali yanga, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinaigwira bwino. Tinachirikiza silabu ndi mizati yachitsulo khoma lisanagwe. Tinasula pulasitala yense, chifukwa kumata nsalu pa pulasitala kuli ngati kumanga mbuzi pa udzu. Tinapala ndi galayinda mpaka timiyala ta konkire taonekera. Ngodya zakuthwa tinazipala kuti zisadule ulusi. Fumbi tinalipopa lonse, tinadikira konkire aume. Guluu ndinkasakaniza ndekha pang'onopang'ono, chifukwa kukatentha amalimba akadali m'chidebe, ndipo nsalu tinkaikanikiza motsata ulusi kuti mpweya wonse utuluke. Itauma ndinayenda bimu yonse ndikugogoda ndi kanyundo. Pomwe pamatika bwino pamalira mouma, pomwe pali mpweya pamalira ngati chitini chopanda kanthu. Chitini sichinamveke paliponse.

Kenako Injiniya anatulukira ndi kamakina koyesera. Amamata kachitsulo kozungulira pa nsalu, n'kukakoka mpaka china chake chithothoke. Kakathothoka ndi chibenthu cha konkire, ndiye kuti ntchito ndi yabwino. Kakathothoka ndi guluu yekha, ndiye kuti mmisiri ndi wakuba. Anachita zimenezi pamaso pa anthu anga, mlamu ali pomwepo, amayi atakhala pa masitepe.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, ukuyesa ntchito yanga?"

Anati, "Ndimayesa ya aliyense, achimwene."

Ndinati, "Ine ndine aliyense?"

Mlamu, manja ali m'thumba la ovolosi, anati, "A Pulofesa, musaope mayeso. Awa okha mumaliza."

Anthu anga anaseka, ndipo sindiwaimba mlandu, zinali zoseketsa. Mlongo wanga anaweramira pa makina ake, koma kumwetulira pakona pa mlomo wake ndinakuona. Kachitsuloko kanathothoka ndi konkire malo onse amene anayesa. Anangoti, "Zili bwino," n'kukwera galimoto.

Nsaluyi sitiisiya poyera, chifukwa guluu wake amafewa ndi kutentha kumene konkire sangakumve n'komwe. Tinaikwirira ndi pulasitala, n'kupaka penti. Bimu inaoneka ngati ina iliyonse. Ndinati tilembe ndi penti yofiira kunsi kwake kuti wina asadzaboolepo. Amayi anati nyumba yawo si chimbudzi cha pamsika choti n'kulembalemba. Mlongo wanga anati, "Musavutike, achimwene, bambo a kunyumbawa ndawafotokozera kale." Ndinalongedza zida zanga. Kuyambira pamenepo ine ndi iye timalankhulana kudzera mwa amayi, ngati anthu olekana ukwati amene akulera mwana mmodzi.

Mwezi uno ndinapita kukasiya mankhwala a amayi, ndipo ndinadzera m'galaja. Pakati penipeni pa bimu ija, pomwe imakokeka kwambiri, pali chitsulo chachikulu chomangidwa ndi mabawuti anayi. Pachitsulopo pali mbedza yomwe anaiwotcherera pomwepo, moti penti yada mozungulira. Pambedzapo pakulendewera tcheni chokwezera mainjini. Tsiku limenelo injini ya lole yaing'ono inali m'malere, ikuzungulira pang'onopang'ono, mafuta akudontha.

Ndinafunsa kuti, "Alamu, ichi wapachika ndani?"

Anati, "Ndekha, a Pulofesa. Mwaiona ntchito?"

"Bwanji pamenepa?"

Anandiyang'ana modabwa zenizeni. "Nanga bimu yolimbitsidwa si imeneyi? Mumafuna ndipachike pa zofookazo?"

Anapitiriza kundifotokozera monyadira kuti poboola panatuluka fumbi lakuda ndi tiulusi tomwe tinamuyabwa m'khosi mpaka anasamba kawiri. Anatinso bowo limodzi linavuta kwambiri, anachita kusintha kamutu ka chiboolero n'kukankha ndi phewa kuti lilowe.

Ndinafunsa kuti, "Akazi anu sanakuuzeni kanthu za bimu imeneyi?"

Anati, "Anandiuza. Anati ndi yolimba tsopano, ndiziisamala. Ndiye ndaisamala, onani mabawuti ake, si otchipa amenewa."

Munthu wa ntchito yanga akamva kuti bowo linavuta, amadziwa kuti chiboolero chinakumana ndi chitsulo cha m'kati. Chinangochikanda kapena chinachidya, sindidziwa. Anthu a m'galaja atapita kukadya ndinakwera pa makwerero. Mabawuti awiri adutsa pa mzere wapakati wa nsalu, ena awiri aluma m'mphepete mwa mizere inayo. Ndinagogoda ndi sipanala. Mozungulira chitsulo chija pakulira chitini. Pambali pa bimu pali kamng'alu kowonda ngati tsitsi, kokwera kuchokera kunsi. Mwina ndi pulasitala chabe. Ndinatsika pa makwerero. Ndinakwera kwa amayi, ndinawapatsa mankhwala, ndinawasunthira mpando wawo ndi makina osokera kuchoka pakati pa chipinda kupita pawindo, poti maso awo akufooka ndipo pawindo pamawala. Tinamwa tiyi, ndinatsanzika.

Musaganize kuti ndachita mantha. Bimuyo siigwa mawa. Injiniya wabwino amawerengera kuti ngakhale nsalu itatha mphamvu, bimu ithe kunyamula katundu wa tsiku ndi tsiku osagwa. Mlongo wanga, ngakhale pakamwa pake ndi pouma, ndi injiniya wabwino. Ndinamuphunzitsa ndine.

Nkhani ili apa. Kumapeto kwa mwezi uno amayi akuitana abale onse ndi anzawo a kwaya kuphwando lothokoza kuti nyumba yakonzedwa ndipo galaja yayamba kuyenda. Phwandolo lichitikira m'chipinda cham'mwamba. Padzakhala zolankhula. Ndamva kale kuti amalume akuyeserera mawu oyamika "mwana wathu injiniya amene wapulumutsa nyumba ya bambo ake". Wansalu adzapemphedwa kubwera msanga kuti adzanyamule mipando.

Ndili ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi yodikira kuti zolankhula zithe, ndiye ndiimirire, ndipemphe alendo onse atsikire ku galaja, ndiwaonetse zomwe mwamuna wa Injiniya wachita pa bimu ya Injiniya, ndifunse mwaulemu kuti paja anafotokozeredwa chiyani. Sindidzakweza mawu. Sipadzafunika kutero. Yachiwiri ndi yopita Lamlungu galaja itatsekedwa, kuchotsa chitsulocho, kupala, kumata chigamba cha nsalu pamwamba pa malo odukawo, kupaka pulasitala, n'kukhala chete. Ndidzadziwa ndekha mpaka imfa kuti nyumbayo ndinaipulumutsa kawiri, iwo akuyamika wina.

Mkazi wanga akuti njira zonse ziwirizi ndi za munthu wodwala, ndipo ndiye wandikakamiza kukulemberani. Iye akuti ndingomuimbira foni mlongo wanga. Ndaganizirapo, ndipo ndikudziwa momwe zidzathere. Adzabwera ndi kamakina kake. Adzafunsa ndi mawu ake ozizira aja ngati nsaluyo inali itamatika bwino poyamba. Mlamu adzati iye ndi wa mainjini, za ulusi sadziwa. Amayi adzati ana anga musakangane. Pomaliza nkhani idzatuluka pageti ili yakuti nsalu za Wansalu zimamatuka zokha. Ine ndilibe chidindo, Aphungu. Ntchito ndimapeza chifukwa wina wauza wina kuti munthu uja amatha. Mbiri imeneyo ikapita, ndatsala ndi galayinda basi.

Musandiuze za kukhululuka, zimenezo ndimamva kwa amayi sabata iliyonse. Mungondiuza kuti pa njira ziwirizi yabwino ndi iti.

G.W.N., kuseri kwa msika waukulu


A G.W.N.,

Kalata yanu sindinaidikiritse tsiku la danga lino. Yankho ili ndinakutumizirani tsiku lomwe inafika, ndipo ndikukhulupirira kuti pamene ena akuliwerenga, inu mwachita kale zomwe zili m'munsimu. Ndalisindikizabe chifukwa nyumba zambiri zili ndi mlamu amene ali ndi chiboolero.

Mwafunsa kuti yabwino ndi iti. Palibe. Akazi anu anena zoona, muwagulire kanthu.

Ndiyambe ndi zomwe mwalondola, poti ndi zambiri ndithu. Za penti yofiira munanena zoona. Mlongo wanu analakwitsa kudalira mawu a m'nyumba, chifukwa "uziisamala" si malangizo kwa munthu amene ntchito yake ndi kupachika mainjini. Mlamu wanu anakunyozani pamaso pa antchito anu, ndipo amayi anu anayamika sukulu pa mawu amene inu munali mutanena kale. Zimenezi zimapweteka, ndipo sindikuuzani kuti muziiwale. Koma zonsezi ndi nkhani ya mtima wanu. Bimu sidziwa kuti ananyozedwa ndani.

Ine sindine injiniya, ndiye ndinamuwerengera kalata yanu mnzanga amene ntchito yake ndi imeneyi. Anagwirizana nanu kuti wowerengera wabwino amasiya mphamvu yapadera m'bimu. Kenako anafunsa kuti mphamvu yapaderayo anaiwerengera pa katundu uti. Anati ndi ya mipando, kabati, makina osokera ndi anthu ochepa oyendayenda. Si ya injini yolendewera pakati, si ya chitsulo cha m'kati chomwe mwina chinalumidwa, ndipo si ya abale onse ndi kwaya yathunthu. Ananenanso kuti kamng'alu kokwera kuchokera kunsi, pakati pa bimu, pafupi ndi malo olira chitini, si koti munthu n'kunena kuti "mwina ndi pulasitala" n'kutsika makwerero. Zonsezi mukuzidziwa kuposa ine. Chomwe mulibe ndi manambala. Ali ndi mlongo wanu.

Tsopano taonani njira yanu yoyamba momwe ilili. Mukufuna kudikira kuti zolankhula zithe. Zolankhulazo zidzachitikira pati? Amalume anu adzaima pamwamba pa bimu imeneyo. Anzawo a amayi anu akadzayamba nyimbo sadzaimba ataima chilili ngati mizati, adzaponda pansi onse nthawi imodzi. Inu mudzakhala mutakhala pakona, mukudikira nthawi yanu yabwino. Tinene kuti palibe chidzachitike, alendo n'kutsika bwinobwino. Mukadzamaliza kuloza mabawuti, wina adzafunsa funso limodzi: munaziona liti? Kuyambira pamenepo palibe adzakambenso za mlamu wanu. Adzakamba za mwana amene anasiya amayi ake avine pa bimu yovulala kuti apeze mpata wochititsa mlongo wake manyazi. Mbiri imene mukuiteteza idzathera pomwepo, ndipo mudzaipha nokha.

Njira yachiwiri ikuoneka yofatsa koma ndi yoipa chimodzimodzi. Chigamba chidzaphimba ulusi woduka, koma sichidzakuuzani ngati chitsulo cha m'kati chili chamoyo. Mudzakhala mutakwirira chinthu chomwe simunachione, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chodzachitika pa bimuyo chidzakhala chanu nokha. Komanso Lolemba m'mawa mlamu wanu adzapeza mbedza yake palibe. Mukuganiza kuti adzatani? Palibe amene wamuuza kuti analakwitsa. Iye akudziwabe kuti bimu yolimbitsidwa ndi imeneyo. Adzaboola pena, chapafupi pomwepo, ndi mabawuti abwino kuposa oyamba.

Mukuopa kuti nkhani idzatembenuka, adzati nsalu yanu inamatuka yokha. Apa ndiye mwandiseketsa pang'ono. Kamakina kaja munadana nako ndiko mboni yanu. Mlongo wanu anayesa ntchito yanu ndi manja ake, pamaso pa antchito anu, pamaso pa mwamuna wake, amayi anu ali pa masitepe, ndipo kachitsulo kaja kanathothoka ndi konkire paliponse. Anati zili bwino, onse akumva. Akanakhala kuti anakuchitirani ulemu wa pachibale n'kusiya osayesa, lero bwenzi mulibe chonena. Chomwe munachitenga ngati chipongwe ndicho chatchinga dzina lanu. Sindikuti anachita mwaulemu. Akanatha kukuuzani pambali kuti abwera ndi makina, ndipo akanatha kumudzudzula mwamuna wake m'malo momwetulira. Koma kuyesako kunali koyenera, ndipo inunso mukanakhala ndi chidindo mukanayesa.

Ndiye chitani izi, ndipo muyambe lero. Pitani ku galaja, muuzeni mlamu wanu atsitse chilichonse chomwe chili pa tcheni, ndipo asakwezerenso kanthu. Musamunyoze, ngakhale mawu ake akubwera okha pakamwa. Mungomuuza kuti mabawuti adutsa mu nsalu ndipo bimu yavulala. Jambulani zithunzi musanakhudze kalikonse: chitsulo, penti yakudayo, kamng'alu kaja. Mizati yachitsulo muli nayo, ibweretseni muchirikize bimuyo monga munachitira poyamba, pamalo olimba. Mabawuti musawamasule nokha, muwasiye mpaka wowerengera awaone momwe alili. Amayi anu muwauze zoona, osati za kuwala kwa pawindo, ndipo chipinda chachikulucho chikhale chotseka mpaka zitadziwika. Akakalipa, akalipe ali bwinobwino.

Mukatero muimbireni mlongo wanu, inu mwini, osati kudzera mwa amayi. Mawu akhale ochepa. Muuzeni kuti pa bimu yapakati paboledwa malo anayi ndipo pawotchereredwa mbedza, kuti bowo limodzi likuoneka kuti linagunda chitsulo, kuti pali mng'alu, kuti mwachirikiza, ndipo abwere ndi mapulani ake. Za yunivesite, za a Pulofesa, za penti yofiira, musatchule. Penti yofiirayo aikumbukira yekha akangoyang'ana kumwamba, ndipo imupweteka kwambiri mukakhala chete kuposa mukanena. Kumbukiraninso kuti tsiku limenelo lidzamuvuta iye kuposa inu. Chidindo ndi chake, mwamuna ndi wake, amayi amene amagona pamwambapo ndi akenso. Sakufunika anthu oonerera.

Kakonzedwe kake awerengere mlongo wanu, atatha kusula n'kuona chitsulo cha m'kati. Manja akhale anu, poti mwaonetsa kale kuti mumatha. Mukamaliza, musadikire kuti atulukire ndi kamakina kake. Muuzeni nokha kuti abwere nako, ndipo muitane mlamu adzaonerere. Penti yofiira ilembedwe ulendo uno, amayi afune asafune, ndipo mlamu apeze chokwezera mainjini choima pansi ndi miyendo yake. Phwando lichitikire pabwalo kapena lidikire, palibe amene anadwalapo chifukwa choyamikidwa mochedwa. Mlongo wanu akakana kubwera, kapena akafuna kuphimba nkhani pofuna kuteteza mwamuna wake, zomwe sindikuyembekeza, itanani injiniya wina wosakhala wachibale, ndipo mizati isachoke mpaka iye atanena.

Za dzina la Wansalu ndi kuomba m'manja kwa amayi anu, nkhaniyo ndi yeniyeni ndipo ikufunika tsiku lake. Mudzakhale nawo pansi awiriwiri zonsezi zitatha, muwauze kamodzi, momveka, popanda nthabwala zanu zolasa. Anthu ambiri olankhula mwakuthwa amaganiza kuti ananena kale zomwe zikuwapweteka, chonsecho anangoseketsa anthu. Koma musasakanize nkhani ziwirizi. Mukaika bimu pa sikelo imodzi ndi ulemu wanu, mudzataya zonse.

Ndimalize ndi chinthu chimodzi chomwe munachilemba mongodutsa. Mwandiuza kuti simunachite mantha, kuti bimuyo siigwa mawa. Koma mutangotsika pa makwerero munakwera kwa amayi anu n'kusuntha mpando wawo kuchoka pakati pa chipinda. Maso a amayi anu sanayambe kufooka tsiku limenelo, ndipo windolo lakhala lili pomwepo chimangireni nyumba. Manja anu anaweruza kale nkhaniyi, pakamwa ndi pomwe patsalira.

Mpando umodzi munatha kuusuntha mwakachetechete. Kwaya yonse simungaisunthire pawindo. Imbani foniyo dzuwa lisanalowe.

Aphungu